Maliro a pa Siteji

"Mkeka wanga ndi chitenje chija mubweza liti? Ndinakupatsani ngati mphatso?" Mayi Ajibu analowa akukalipa mu holo ya ku Balaka, momwe mwana wawo Dalesi ndi anzake ankayeserera sewero la moyo wake.

Mayiwo anangoima chilili. Pa siteji, pa mkeka wawo womwewo, panagona munthu atafunditsidwa chitenje chawo mpaka kumutu. Dalesi anali atagwada pambali akulira, "Amayi, mwandisiyira yani ine?"

"Iwe Dalesi, wafayo ndani?"

Feston, mkulu wa gululo, ndiye anayankha. "Ndi mayi ake. Anatiuza yekha kuti anamwalira iye ali wamng'ono, anakula ndi maganyu. Nanga inu ndinu ndani, mayi?"

Dalesi anathamangira kwa mayi ake n'kunong'ona, "Amayi, chonde, anthu amakonda nkhani yachisoni."

Mayi Ajibu anamukankhira kumbali, nakwera pa siteji. Anakoka mkekawo mwamphamvu mpaka malirowo anagubuduka n'kukuwa.

"Ndine mzukwa, bambo," anatero akukulunga mkeka wawo. "Ndipo iwe wamasiye, usadzabwerenso kwathu ku Rivirivi ndi kathumba kako kudzatapa ufa. Akufa sagayitsa chimanga."