Keke ya Mwana Wake Anaigwetsa Akuseka

Panali bambo wina wophika makeke. Dzina tisatchule, abale ake ali pagulu pompano.

Kirimu wa pamwamba pa keke ankamufufumitsa ndi mpweya wa m'timabotolo tachitsulo. Tsiku lina anamva kuti mpweyawo ndi womwe uja woseketsa munthu akaukoka. Anaupopera m'chibaluni, n'kukoka, mutu n'kupepuka. Kuyambira pamenepo, kabotolo kamodzi ka keke, tiwiri take.

Mlamu wake, wothandizira dokotala wa mano, anamupezerera kuseri kwa uvuni chibaluni chili kukamwa.

"Alamu, kuntchito kwathu mpweyawu timausakaniza ndi wina wopumira, adokotala ali pambali. Mukamaukoka chonchi ukudyani mitsempha."

"Inu zulani mano," anatero akuseka. "Anthu amangoti ndafa nako kuseka, koma maliro ake munapitako?"

Patapita miyezi, zala za kumapazi zinayamba dzanzi. Kenako silipasi inkavuka iye osamva. Mkazi wake atafunsa, anati ndi kuimirira kwambiri.

Mwana wake wamkazi, mmodzi yekhayo, anapeza banja. Bambo analumbira kuti keke ya nsanjika zitatu aphika okha ndipo ailowetsa okha muholo.

"Ababa, miyendo yanuyo. Alekeni ena anyamule," anatero mwana.

"Ndinakunyamula iwe, ndilephere ufa ndi mazira?"

Nthawi yolowetsa keke inakwana. Bambo anazembera kukhitchini, n'kukoka zibaluni ziwiri zolimbitsa mtima. Ananyamula keke, anthu akuwomba m'manja. Pakati pa holo anaponda, koma pansi sanapamve. Khu! Keke yonse pamiyendo pa mayi a mkwati. Timabotolo tinatuluka m'thumba la jekete n'kumagubuduka mpaka kumapazi a mkwatibwi.

Choipa kwambiri, bamboyo ankaseka. Ali chigonere pansi, misozi ikutsika, chiseko osaleka.

Mayi a mkwati anapukuta kirimu pa diresi. "Asewere, tiuzeniko choseketsacho, nafe tiseke nawo."

Amene anamutola bamboyo ndi mlamu yemwe uja. Kuchipatala anati mitsempha yawonongeka, n'kumuyamba majakisoni. Lero amayenda ndi ndodo.

Mwana wake anabwera kudzamuona, n'kukhala pamphepete pa bedi.

"Za keke ndinaiwala, ababa. Koma apongozi amandifunsabe kuti munkaseka ndani."

Bambo anatembenukira kukhoma.

Phunziro: Mankhwala a dokotala asiyireni dokotala, ndipo mlamu akakuchenjezani musamuyankhe ndi nthabwala. Tumizirani anzanu, makamaka amene chibaluni chili m'thumba koma kunyumba kulibe phwando.