Phazi Lopanda Chala pa Sinowo

Ndinangotuluka kukataya zinyalala. Unali usiku wa Januwale 2006 ku Beech Grove, sinowo itangogwa kumene.

Madzulo omwewo, pa chakudya cha Amalawi ku Lafayette Square, anthu anandiwombera m'manja chifukwa cha buku lomwe ndinalemba ndili pasukulu ku South Bend. Limanena za anthu a mikango, gulu lachinsinsi lomwe linkapha anzawo nthawi ya atsamunda, boma n'kumati ndi zilombo. Mayi Flora, okalamba okhala kumunsi kwa msewu wathu, anandigwira dzanja.

"A Hamilton, bambo anga anapita choncho. Munazimva kuti zimenezi?"

"Ndinangopeka, mayi," ndinatero, maso ali pansi.

Linali bodza. Agogo anga aamuna ndi amene ankasemera gululo mapazi amtengo odindira pansi. Lakumanzere ankalisiya lopanda chala chimodzi kuti eni ake azizindikirana. Chimenecho m'bukumo sindinalembe, manyazi.

Pobwerera kuchokera ku bini, ndinaona mapazi ena pambali pa anga, akuluakulu, obulungira. Galu sakhala ndi phazi lotero. Ndinawunika ndi foni. Lakumanzere linalibe chala.

Mapaziwo sankapita kukhomo kwanga. Ankachokera pakhomo pangapo, n'kutsetsereka ndi msewu.

Ndinawaimbira Mayi Flora.

"Mwachita bwino kuimba," anatero monong'ona. "Pali wina akukanda chitseko changa. Akuti ndi inuyo, mwabwera kudzapepesa."