Kachipsera ka Pachibwano

Nyumba iliyonse ya m'mudzimo inkapatsidwa kadi imodzi yokha ya pa kompyuta yoonetsera zithunzi, ndipo malo ake okumbukira anali ochepa. Kwa a Ndaziona, theka la malowo linkasunga kanema wa malemu mayi awo. Ankaoneka pakhoma la pabalaza akusoka diresi, ulusi uliwonse ukuoneka bwinobwino.

Loweruka, mchimwene wake wa Ndaziona, Ganizani, anali ndi mpikisano wa masewera a galimoto pa kompyuta. Akangoika zithunzi zowala kwambiri, galimoto yake inkadukizaduka ngati ngolo pamiyala.

"Achemwali, tachepetsaniko amayi pang'ono," anatero. "Lero lokha. Kadi yadzaza."

Ndaziona sankatha kukana munthu. Anadziwa kuti chimene chachotsedwa pa kadiyo sichibwereranso ukangovomereza, komabe anatsitsa mlingo wa kaonekedwe ka amayiwo kuti aone kaye. Maluwa a pa chitenje cha amayi anasanduka mabala achikasu. Anatsitsanso. Kachipsera ka pachibwano, ka pamene anapsa ndi mbaula, kanazimiririka.

Chala cha Ndaziona chinaima pamwamba pa batani lovomereza. Ganizani anayang'ana khomalo nthawi yaitali.

"Awa ndi amayi a eni ake," anatero chapansipansi. "Abwezereni."

Anakhala pampando, natsitsa zithunzi za masewera ake mpaka mitengo inangokhala zibuluma zobiriwira, msewu uli mbuu ngati m'nkhungu.

"Muona bwanji pokhota?" anafunsa Ndaziona.

"Msewuwu ndauyenda kambiri, ndimaudziwa pamtima. Koma kachipsera kaja, ine ndinali nditayamba kale kuiwala kuti kali mbali iti."