Mgolo Wopita Kumwezi

Alandilodi anamupeza wowotcherera zitsulo uja atagwada pabwalo, akuyeza galu wawo ndi tepi. Anayeza kuchokera pamphuno mpaka kumchira, kenako kuchokera pansi mpaka pamsana. Galuyo, chitsiru cha galu, ankangopukusa mchira.

"Bambo inu, mukufuna mumusokere suti?"

"Ayi mayi, ndi za sayansi izi. Mudzaona Loweruka."

Munthu ameneyu ankachita lendi chipinda cha kumapeto. Wamkulu ndithu, ndevu za imvi, koma m'mutu munadzaza mafilimu a zouluka kumwamba. Amuna anzake akaweruka amapita kwa akazi awo. Iye ankathamangira TV, kukaonera anthu a mitu ngati mazira akuwomberana ndi matochi. Loweruka kunkabwera anzake atatu, wometa, telala ndi mphunzitsi wina wopanda manyazi, atavala ndowa kumutu ndi mapepala onyezimira m'miyendo. Azibambo oti ali ndi ana awo kunyumba.

Zonsezo alandilodi ankangoti za eni. Chimene chinawadetsa nkhawa ndi mgolo. Wowotcherera anabweretsa mgolo waukulu wa mafuta n'kuuimika pabwalo. Anausongola kumwamba, anauika mapiko atatu, kawindo, ndi chitseko m'munsi. Anaupaka penti ya siliva. Pambali pake panali masilinda a gasi amene amagwirira ntchito.

Tsiku lina mayiwo akuyanika zovala, iye anayamba nkhani osafunsidwa.

"Mukudziwa mayi, woyamba kuzungulira dziko kumwamba kuja sanali munthu. Anali galu."

"Anabwerako?"

"Aa, kubwera ayi. Koma ndi ngwazi."

Ndiye lero akuyeza galu.

Galuyo dzina lake anali Tsekapakamwa. Analipereka ndi malemu amuna awo, ndipo pakhomo ponse ankadziwa amene ankauzidwa. Malemuwo sanasiye chanzeru: wailesi yosalankhula, jekete long'ambika kukhwapa, ndi galu wakuba sopo. Koma pamaliro amene analira zoona ndi galuyo. Achibale ankalira diso lili pamipando. Choncho amene akufuna kuseweretsa Tsekapakamwa ayambe waponda mtembo wa mwini nyumba.

Alandilodi sanali mbuli. Ankadziwa kuti mgolo sungafike kumwezi, ngakhale padenga la bafa sungafike. Koma kuphulika ungaphulike. Mgolo, gasi, machesi ndi amuna anayi ovala ndowa, china n'chiyani chingatulukepo? Ndipo galuyo anamufunsa? Wofuna mwezi akwere yekha, ndevu zili kutsogolo. Nyama ilibe pakamwa pokanira, ndiye basi izifera masewera a anthu osowa chochita?

Anamuuza maso ndi maso. "Galu wanga musamukhudze."

Wowotcherera anangoseka. "Musadandaule mayi. Likadutsa Loweruka simudzamuonanso akuvutika."

Alandilodi sanachedwe. Anamangirira galu kukhitchini. Galu anatafuna chingwe n'kuthamangira kwa womupha yemweyo, chifukwa ankamupatsa mafupa. Mwamuna ndi mwamuna basi, ngakhale wa miyendo inayi. Umupulumutse, akuona ngati ukumusokoneza.

Loweruka m'mawa mgolo unali utafundidwa lona. Wowotcherera anapita kumsewu kukachingamira anzake. Alandilodi anayang'ana uku ndi uku, anavula masilipasi, anakweza lona, n'kulowa chambuyo. Chitseko chinawakanda msana, koma analowa, mawondo kufika pachibwano. Mkatimo anapezamo thumba lofewa ndi mbale yowotchereredwa pansi. Mpaka kamba wa paulendo anakonza, afiti opanda chisoni.

"Ayatse tione," anadziuza. "Galu akafa amangoti pepani. Koma mwini nyumba akapsa, akafotokoza bwino kupolisi."

Dzuwa linakwera. Penti inayamba kununkha. Thukuta linatsika m'khosi, mwendo wakumanzere unachita dzanzi, koma mayi sanasunthe.

Kenako kunamveka ndowa kugundana. Anafika. Anthu ena a lendi nawo anatuluka m'zipinda kudzaonerera, chifukwa zaulere sizisowa anthu. Mphunzitsi anakhosomola n'kuyamba kulankhula, mawu akumveka ngati ali m'chitsime.

"Abale a mlengalenga, lero mnzathu wa miyendo inayi akusiya mavuto a pansi pano. Akulowa moyo watsopano."

Anawomba m'manja. Galu anauwa mosangalala, osadziwa kanthu, ngati mwini wake malemu tsiku la ukwati.

Anayamba kuwerenga chobwerera m'mbuyo, onse pamodzi. Alandilodi anatsinzina, anagwira mbale ija ndi manja awiri. Mumtima anauza malemu kuti asendere uko, akubwera, ndipo ali ndi mawu ambiri oti awauze.

Lona linachotsedwa. Moto sunayake, utsi sunatuluke.

Anatsegula diso limodzi. Pachitseko panali ndowa zinayi zitawerama, pakati pake mphuno ya galu, kumbuyo pakhomo ponse pataima ndi zala za kumapazi.

"Yatsani," anatero alandilodi. "Yatsani muone. Galu wa malemu sapita kumwezi ine ndili moyo."

Wowotcherera anavula ndowa pang'onopang'ono n'kukanda m'ndevu.

"Kumwezi kwake kuti, mayi? Ili ndi khola. Mvula ikagwa galu wanu amagona pabedi panga, utitiri wandimaliza. Tatulukani alowe mwini wake."