Mipesa Youma ya ku Middleburg

Amayi anabweza cholembera m'chikwama osasaina.

Tinali pakhonde la kanyumba kakale kamiyala, m'mudzi wina kufupi ndi Middleburg, kuno kutsidya kwa nyanja, dera lotchuka ndi vinyo. Ine n'kuti nditasankha kale zenera langa, loyang'ana kuminda ya mphesa. Chimalizireni sukulu ndinkangolota nyumba imeneyi, kutali ndi phokoso la magalimoto a ku Woodbridge komwe tinkakhala. Mzimayi wogulitsa nyumbayo anangoima phee, mapepala ali m'manja.

"Mayeso, ukuuona mundawo?" Amayi analoza kuseri kwa mpanda. Munali mu Febuluwale, nyengo yozizira kwambiri kuno, ndipo mipesa yonse inali mbuu, yopanda ndi tsamba limodzi lomwe. "Zonsezi zauma. Kwathu ku Thyolo tiyi sayoyoka masamba. Ine ndikhale pa dothi lopha mbewu chonchi?"

"Amayi, please! N'kuzizira chabe. Ikungogona."

"Iwe chibadwire unadzalapo chiyani?"



Amayi anatsika pakhonde pang'onopang'ono, nsapato zawo zoyera zakuchipatala zikumira m'matope, mpaka kukafika pampanda. Anakoka nthambi imodzi n'kuikanda ndi chikhadabo.

M'kati mwa khungwa munali mobiriwira, monyowa. Anainunkhiza nthambiyo. Kenako anawerama, natapa dothi n'kulifinya m'manja kwa nthawi yaitali, ngati kuti ife panalibe.

Anabwerera akupukuta zala pajekete.

"Uwauze mayiwa kuti nyumba tigula," anatero. "Koma kuseriku ndidzadzala maungu, tizidya nkhwani. Mphesa si ndiwo."