Thumba la Fada Khirisimasi

Galimoto ya ozimitsa moto yobweretsa Fada Khirisimasi itangolira pakhomo la holo, ana onse anathamangira panja. Agogo Assunta anamugwira Gemma pamkono.

"Iwe khala pompano. Alowa muno momwe."

"Nonna, mukundipweteka!"

Agogowo anafewetsa dzanja koma sanamutaye. Mwana sasiyidwa pagulu. Ukangocheuka kamodzi, wapita.

Inali miyezi isanu chithawireni kuchoka mumzinda wa Adelaide, iwo, mwana wawo Lina ndi mdzukulu wa zaka zisanu ndi ziwiriyu. Anathawa Darren, bambo wa Gemma, atamuthyola Lina nsagwada n'kumuuza kuti ulendo wina adzatsiriza. Mwanayo sanamuuze zimenezo. Anangoti adadi ake atsalira kaye kuyang'anira nyumba, ndipo kunja asamawatchule. M'katauni ka m'mbali mwa mtsinje wa Murray aka palibe ankadziwa kumene anachokera. Lina ankalongedza malalanje mpaka faifi koloko. Agogo ntchito yawo inali imodzi: Darren asadziwe kumene ali.

Noleen, mayi wokonza phwando la Khirisimasili, anafika atanyamula mbale ya makeke a kokonati, nkhope ili thukuta lokhalokha. Disembala wa kuno sachita chibwana.

"Mayi Assunta, mwatiputira mlandu. Mdzukulu wanuyu wauza kalasi yonse kuti Fada Khirisimasi kulibe. Amayi atatu andiimika m'sitolo, ngati ndine ndinamupha."

"Wanena zoona."

"Zoona n'zoona, koma mwana wa msinkhu uwu? Mukanamulekerako chaka chimodzi."

"Ndimuphunzitse ine ndemwe kuti mwamuna wobisa nkhope akamuitana dzina azithamangira? Kuti wolowa m'nyumba anthu ali m'tulo ndi munthu wabwino? Ayi, mwanawe. Ndinamukhazika pansi. Ndinati kulibe munthu wotero, amene ankaika zidole pansi pa mtengo wa Khirisimasi anali bambo ako."

"Ndiye sanalire?"

"Masiku awiri. Kulira sikupha."

Noleen anapukusa mutu, n'kupitirira ndi mbale yake.

Fada Khirisimasi analowa thumba lili kumsana, ana atamuunjirira ngati nyerere. Agogo Assunta anamuyang'anitsitsa. Sanayang'ane ndevu, ndevu amagula. Anayang'ana msinkhu, mayendedwe, manja. Darren ndi wamtali, amayenda mapewa ali patsogolo. Uyu anali wamfupi, wotsimphina mwendo wa kumanzere, ndipo atangoti "Ana inu, mundipha ndi kutenthaku!" anamuzindikira. Anali Trevor, wogulitsa nyama m'kataunika.

Komabe anawerenga zitseko. Ziwiri, china cha kukhitchini. Anayang'ana abambo amene anaima kumbuyo ndi zitini za mowa m'manja, mmodzimmodzi, ndipo onse anali nkhope za tsiku ndi tsiku. Munthu usamati wadziwa malo usanaone amene waima kumbuyo kwako.

Trevor anayamba kuitana maina. Kuno makolo amakasiya okha mphatso m'mawa, atakulunga ndi kulembapo dzina la mwana, ndipo madzulo zimatulukira m'thumba ngati zagwa kumwamba. Agogo anasiya yawo, chidole cha tsitsi lakuda chimene anachisokera diresi okha.

"Gemma!"

"Pita. Utenge, uthokoze, ubwere. Pamwendo usakhalepo."

Anamuperekeza ndi maso mpaka kutsogolo, n'kubwera nayenso ndi maso. Gemma anatsegula, anamwetulira pang'ono, anati zikomo. Ana ena ankakuwa ndi kudumpha, iye ayi. Maso ake anali pathumba paja.

Chinawabaya mumtima agogowo. Mwina Noleen ananena zoona. Mwina anamulanda kanthu mwanayu. Koma bola mwana wokhumudwa amene ali pambali pako. Ana enawa bambo aliyense wovala zofiira akhoza kuwakweza m'galimoto akuseka. Wawoyu sangakwere. Akudziwa.

Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anakhala pansi. Analandira kapu ya tiyi ndi keke imodzi, ndipo anailawa ndithu. Koloko ya pakhoma inati faifi yadutsa. Lina ndiye kuti waweruka, akupita kunyumba kukasamba. Tsiku lina latha bwino.

"Gemma kachiwiri!" Trevor anakweza bokosi lalikulu la riboni yofiira. "Iwe, wandichitira chiyani chaka chino? Ine kugwira ntchito chaka chonse, ngakhale sokosi sanandipatse!"

Anthu anaseka. Agogo anapukusa mutu. Lina ameneyu! Kukasiya mphatso ina mobisa, kuopa kuti amayi ake amukalipira zowononga. Chabwino, lero sakalipa.

Gemma anabwera akuthamanga, pepala atang'amba kale. M'bokosimo munali nsapato za matayala, zoyera, zimene wakhala akuzilirira kuyambira ali ku Adelaide. Nkhope yake inawala monga sinawalirepo miyezi isanu yonseyi.

"Ayankha, Nonna! Munanena zoona! Fada Khirisimasi ndi adadi, ndiye kalata ndinalembera iwowo. Kumbuyo ndinalemba adiresi yathu kuti asasochere."

Agogo anaika kapu pansi.

"Kalata iti?"

"Ija munakandiponyera inuyo."

Anaikumbukira envelopu ija. Mwana anati ndi ya Fada Khirisimasi, iwo anamumvera chisoni, anamata sitampa ndi malovu awo, osadziwa kuti ikupita kwa Darren, poti sadziwa chilembo ngakhale chimodzi.

Gemma anatsegula kakhadi kamene kanali pariboni, n'kuwerenga mokweza, chala chikutsata mawu.

"Akuti tikawapeza kunyumba. Ayamba aonana kaye ndi amami."