Mapaundi Atatu

Dailes ankasinja mtedza wotsiriza pamene mwamuna wake, Elson, anatulukira pabwalo, kachikwama ka paulendo kali m'manja. Munsi unaima.

"Sikelo yandikananso," anatero Elson. "Olemba anthu opita ku migodi ya ku Joni akuti ndaperewera mapaundi atatu."

Kwa miyezi inayi, m'mawa uliwonse akatha kupemphera, Elson ankanyamula chitsulo cha ngolo kuseri kwa nyumba. Ankadya mazira, mbatatesi ndi phala la nsinjiro, Dailes akumuwonjezera mwakachetechete gawo la iye mwini. Koma nthiti zinkawerengekabe, ngati za malemu bambo ake.

Dailes anayang'ana mumtondo. Unali mtedza wa mbewu umenewo, ndipo mitambo inali itayamba kuda cha ku Nzama.

"Khalani pansi, bambo a Salome. Mwayenda mtunda."

Anagwada n'kumupatsa madzi. Pamene Dailes ankatukula chikho, chibangili chimene kale chinkathina pamkono wake chinatsetsereka mpaka pachigongono. Elson anachiona, ndipo madziwo sanamwe.

"Nangozo," anatero, akumuitana ndi dzina la mfunda wake, "ndadya mbewu yathu, ndadya ndi thupi lanu lomwe. Mundikhululukire."